Zimene Zili Pansi pa Matchalitchi a ku Roma

 Ndithokoze komiti yokonza chikondwererochi pondipatsa mpata woyankhula. Andipatsa mphindi 20, ndipo amayi akukhitchini andichenjeza kale kuti ndikapitirira, nsima ndikaipeza itazizira. Ndiye ndisachedwe.

Ine ndine mwana pakati panu. Ntchito yanga ndi yolemba mapulogalamu a kompyuta, za ubusa sindinaphunzire, choncho musayembekezere ulaliki. Komiti inandipempha kuti ndifotokoze za ulendo wa ku Roma, likulu la dziko la Italy, womwe ndinayenda ndi anzanga awiri a m'gulu la achinyamata. Tinakhalako masiku anayi, tikuyenda wapansi kuyambira m'mawa mpaka miyendo kukana. Ku Roma maso amathamangira m'mwamba: madenga aataliatali, zipilala, golide. Koma zimene ndabwera nazo lero ndinaziona potsika masitepe, pansi pa nthaka, ndipo ndikukhulupirira kuti zikutikhudza ife amene timapemphera m'holo ya lendi m'dziko la eni.

Tiyambire pomwe aliyense amayambira, pa Colosseum. Ndi bwalo lalikulu lozungulira lija mumaliona pa zithunzi, mbali ina yogumuka. Anayamba kulimanga ndi mfumu Vespasian cha m'ma 72 AD, ndipo mwana wake Titus analitsegulira m'chaka cha 80 ndi masewera a masiku 100. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000, kuposa amene amakwana mu Bingu Stadium ku Lilongwe. Masewera ake anali oti anthu azimenyana mpaka kuphana, kapena kulimbana ndi zilombo zolusa, zambiri zochokera ku Africa. Lero pansi pa bwaloli ndi posavundikira, ndiye mumaona tinjira ndi tizipinda momwe ankasungamo nyama ndi anthu podikira nthawi yawo.

Ambirife tinakula tikumva kuti umu ndi momwe Akhristu ankaponyedwa kwa mikango. Mkatimo mulidi mtanda, ndipo Lachisanu Loyera pamachitika Njira ya Mtanda. Koma chizunzo chachikulu choyamba, cha mfumu Nero m'chaka cha 64, chinachitika bwaloli asanalimange n'komwe. Chinachitikira tsidya lina la mtsinje wa Tiber, pomwe pali Vatican lero. Tifikako.

Mukayenda pang'ono kulowera ku mabwinja a Forum, pomwe panali mabwalo a milandu, akachisi ndi malo a malonda, mupeza chipata cha mwala chotchedwa Arch of Titus, cha m'ma 81. Mkati mwake anasemamo asilikali a Roma atanyamula choikapo nyale cha nthambi 7, chochokera m'kachisi wa ku Yerusalemu yemwe anamugwetsa m'chaka cha 70. Chuma cholanda pa nkhondo imeneyo ndi chimene chinathandiza kumanga Colosseum. Ndiye mukamajambulitsa pa bwalo lokongola lija, dziwani kuti ndalama zake zinali misozi ya anthu ena.

Kuchoka pa Colosseum, ulendo wa mphindi zisanu zokha wapansi, pali tchalitchi chomwe alendo ambiri amachidutsa osachiona. Dzina lake ndi San Clemente. Kunja sichioneka ngati kanthu. Mukalowa mupeza tchalitchi cha m'ma 1100, chokongola ndithu, ndi chithunzi cha timiyala tagolide kuguwa. Koma pambali pali masitepe otsika. Mukalipira n'kutsika, mumapezeka muli m'tchalitchi china, cha m'ma 300, chamdima, chokhala ndi zipilala zake ndi zojambula pakhoma. Pomanga chapamwamba chija, anadzaza chapansichi ndi zigumuka n'kuchisandutsa maziko. Anthu anachiiwala kwa zaka mazanamazana, mpaka wansembe wina wa ku Ireland, Joseph Mullooly, atayamba kukumba m'chaka cha 1857.

Simunathe. Pali masitepe enanso. Mukatsika kachiwiri mumafika m'nyumba za m'nthawi ya atumwi ndi zidzukulu zawo, zomangidwa moto wa m'chaka cha 64 utapsereza mzindawo. Muli kanjira kopanikiza koti anthu awiri sangadutsane, muli kachipinda komwe ena ankapembedzeramo mulungu wotchedwa Mithras, ndipo mumamva madzi akuyenda pansi, mpaka lero. Mwambo wa mpingo umati Akhristu ankasonkhana m'nyumba ina ya pamalo amenewa. Ndiye taonani dongosolo lake: pamwamba tchalitchi chagolide, pansi pake tchalitchi chakale, pansi penipeni nyumba wamba ya munthu.

Funso n'lakuti, anthu ankasonkhana m'nyumba zoterezi anali ndani? Mukafika kunyumba madzulo ano, mukatsegule mutu womaliza wa kalata ya Paulo yopita kwa Aroma. Ndi mutu umene timakonda kuudumpha chifukwa ndi mayina okhaokha. Paulo akupereka moni kwa anthu oposa 20, ndipo ambiri mwa mayinawo ndi a Chigiriki. Kalatayonso anailemba m'Chigiriki, ngakhale chilankhulo cha boma ku Roma chinali Chilatini. Chifukwa chake n'chakuti mpingo wa ku Roma unayamba ndi anthu obwera: Ayuda, amalonda, akapolo, anthu odzafuna ntchito kuchokera kum'mawa. Anali anthu ngati ife, abale.

Tengani Akwila ndi mkazi wake Prisila. Akwila kwawo kunali ku Ponto, m'dziko lomwe lero ndi Turkey. Ntchito yawo inali yosoka mahema. Cha m'ma 49, mfumu Claudius analamula kuti Ayuda achoke ku Roma, iwo n'kulongedza kupita ku Korinto, komwe anakumana ndi Paulo. Kenako anakakhala ku Efeso, ndipo pomwe Paulo ankalemba kalata ija, cha m'ma 57, anali atabwerera ku Roma, mpingo ukusonkhana m'nyumba mwawo. Amene munagonapo osagona chifukwa lamulo la visa lasintha, banja limeneli likanakumvetsani. Pa phiri la Aventine pali tchalitchi cha Santa Prisca, chomwe mwambo umati chili pamalo pomwe panali nyumba yawo. Paulo mwini wake atafika ku Roma ngati mkaidi, buku la Machitidwe limatiuza kuti anakhala zaka ziwiri m'nyumba ya lendi, akulandira aliyense wobwera. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa sanakamuke.

Tsiku lachiwiri tinakwera basi nambala 118 kutuluka kunja kwa malinga a mzinda, kupita ku msewu wakale wa Via Appia. Anayamba kuumanga m'chaka cha 312 BC, ndipo malo ena miyala yake ikadali yomwe ija. Umenewu ndi msewu womwe Paulo anadzera pobwera, ndipo abale a ku Roma anayenda ulendo wautali kukamuchingamira pa Bwalo la Apiyo ndi pa Nyumba za Alendo Zitatu. Ife timadandaula kukatenga mlendo ku Heathrow pa galimoto.

M'mbali mwa msewuwu muli manda a pansi pa nthaka otchedwa San Callisto. Simulowa nokha, mumatsogozedwa m'magulu, ndipo ngakhale kunja kutenthe bwanji, pansipo mumazizira. Ndi tinjira tokumba m'mwala wofewa, nsanjika zinayi kupita pansi, kutalika kwake konse pafupifupi makilomita 20. Makoma onse ndi mashelefu momwe ankagonekamo mitembo yokulunga m'nsalu, n'kutseka ndi njerwa kapena mwala. Munaikidwa anthu pafupifupi 500,000. Mashelefu ambiri ndi aafupi, a ana. Apa ndi pomwe tonse atatu tinasiya nthabwala.

Ambiri timaganiza kuti mandawa anali mobisalamo. Ayi, boma linkawadziwa. Lamulo la Aroma linkaletsa kuika maliro mkati mwa mzinda, malo kunjako anali odula, ndipo Akhristu sankafuna kuti m'bale wawo wosauka atayidwe ngati wopanda mwini. Cha m'ma 200, bishopu wa Roma Zephyrinus anapereka udindo woyang'anira mandawa kwa dikoni wina dzina lake Callixtus, yemwe kale anali kapolo. Munthu ameneyu anadzakhala bishopu wa Roma m'chaka cha 217. Mvetsani bwino apa: malo oyamba odziwika omwe mpingo wa ku Roma unakhala nawo ngati mpingo anali manda. Tchalitchi chachikulu choyamba, cha Lateran, chinadzamangidwa patapita zaka zoposa 100, mfumu Constantine atalola Chikhristu m'chaka cha 313.

Ndipo sankadikira kuti munthu afe kuti amuthandize. Kalata ina ya bishopu Cornelius ya m'chaka cha 251 imasonyeza kuti mpingo wa ku Roma unkasamalira amayi amasiye ndi anthu ovutika oposa 1,500. Nthawi imeneyo n'kuti chizunzo cha mfumu Decius changodutsa kumene. Analibe tchalitchi chooneka pamsewu, koma anali ndi kaundula wa anthu ofunika chakudya.

Madzulo ake tinakwera sitima yapansi kupita ku tchalitchi cha Paulo Woyera cha kunja kwa malinga. Chomwe chilipo lero n'chomangidwanso, chifukwa chakale chinapsa ndi moto m'chaka cha 1823. N'chachikulu, chodekha, chopanda chipwirikiti. Kuguwa kuli masitepe ochepa otsika, ndipo kudzera pa kazenera kazitsulo mumaona mbali ya bokosi la mwala lomwe mpingo wakhala ukukhulupirira kuti ndi manda a Paulo. Apanso nyumba yaikulu yaima pa manda a mlendo.

Tsiku lachitatu linali la Pantheon ndi Vatican. Pantheon anaimanga m'nthawi ya mfumu Hadrian, cha m'ma 125, ngati nyumba ya milungu ya Aroma. Denga lake ndi lozungulira ngati mphika wovundikira, mamita 43 m'mimba mwake, la konkire yopanda chitsulo ngakhale chimodzi, ndipo mpaka lero palibe denga la mtundu umenewu lomwe lalipambana. Pakati pake pali chiboo chotsegula cha mamita pafupifupi 9. Mvula ikagwa imalowa, ndipo pansi anaboola timabowo totulutsira madzi. Anzanga a uinjiniya, kapiteni mukaone nokha, n'zochititsa manyazi kwa ife a makompyuta amene ntchito yathu imakalamba pakatha zaka zisanu.

Koma n'chifukwa chiyani Pantheon ikadali yathunthu pomwe Colosseum ili yogumuka? Colosseum itasiya kugwiritsidwa ntchito, zivomezi zinaigwetsa mbali ina, ndipo anthu anayamba kutapa miyala yake kukamangira nyumba zina. Pantheon inaperekedwa ku mpingo m'chaka cha 609, n'kusanduka tchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akulowamo, kusesa, kukonza pothonya. Chasunga nyumbayi ndi anthu osonkhanamo.

Ku Vatican, pabwalo la kutsogolo kwa tchalitchi cha Petro Woyera, pali chipilala chachitali chosongoka chochokera ku Egypt. Chinabwera m'nthawi ya mfumu Caligula, ndipo chinkaima m'bwalo la masewera lomwe Nero anapheramo Akhristu m'chaka cha 64. Pafupi ndi bwalolo panali manda a anthu wamba, ndipo mwambo wakalekale umati Petro anaikidwa pamenepo. Guwa lalikulu la tchalitchichi lili pamwamba pa malo amenewo. Tchalitchi chomwe chilipo lero anachimanga zaka 120, kuyambira 1506 mpaka 1626. Mukafuna kukwera pamwamba pa denga lake pali masitepe 551, ndipo kumapeto kwake makoma amapendekeka moti mumayenda mutaweramira mbali.

M'holo muno muli a Katolika, a CCAP, a Anglican, a Seventh Day ndi a Pentekosite, ndiye ndiyankhula mosamala. Mbiri imatiuza kuti njira ina yosonkhanitsira ndalama zomangira tchalitchi chimenechi, yogulitsa zikalata za chikhululukiro, ndi imene inautsa Martin Luther m'chaka cha 1517. Sindikuweruza mlanduwo, unatha ndi eni ake. Ndikungoti nkhani ya thumba la zomangamanga inagawapo mpingo waukulu kuposa wathu. Ifeyo ndife ochepa, sitingapirire mng'alu ngati umenewo.

Ena mwandifunsa kale panja za mayendedwe, ndiye ndiyankhe pomwe pano. Pa ndege kuchokera ku London ndi maola awiri ndi theka basi. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, mufunika visa ya Schengen, chilolezo chanu chokhalira kuno sichikwanira. Matikiti a Colosseum muguliretu pa intaneti. Matchalitchi ambiri, kuphatikizapo cha Petro Woyera, kulowa n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo zikhale zofunda, ndipo mzere wa achitetezo ku Vatican umatalika, choncho lawirirani. Madzi musagule, m'misewu muli mipopi yaulere ya madzi abwino akumwa, ingotengani botolo. Nsapato zikhale zoyendera, zija za pa Sande zisiyeni kuno.

Tsopano ndibwere kwathu kuno. Ndili ndi zopempha zitatu, ndipo ndikuzipereka ngati mwana, akuluakulu mukazisefa.

Choyamba ndi thumba la maliro. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira uthenga ukagwa pa gulu la WhatsApp usiku kuti m'bale watisiya, ndipo thupi liyenera kupita kumudzi. Timathamanga, timapemphana, ena amabwereka ndalama zomwe adzabweza chaka chathunthu. Ndamva maganizo oti tiyambe kusonkha zogulira nyumba yathuyathu yopemphereramo, ndipo ine sindikutsutsa. Pantheon yandiphunzitsa kuti nyumba yokhala ndi anthu ndi chinthu chabwino. Koma abale athu a ku Roma anayamba ndi manda ndi kaundula wa amasiye, makoma anabwera pambuyo. Ndikupempha kuti thumba la maliro ndi la ovutika likhazikike kaye, likhale ndi malamulo olembedwa, ndipo lisadzakhudzidwe tsiku lomwe tidzayambe kuwerengera njerwa.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Mpingo wa ku Roma unapemphera m'Chigiriki kwa mibadwo ingapo. Ku manda a San Callisto kuja, miyala ya pa manda a mabishopu a m'ma 200 inalembedwa m'Chigiriki. Koma zidzukulu zinakula zikuyankhula Chilatini, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 300 mapemphero anali atasinthira ku Chilatini. Mpingo sunafe. Unasunganso pemphero lija la Kyrie m'Chigiriki mpaka lero. M'tchalitchi chapansi cha San Clemente muli malo olemekezedwa ngati manda a Cyril, yemwe anamwalira ku Roma m'chaka cha 869. Iye ndi m'bale wake Methodius anapangira anthu a mtundu wa Slav zilembo ndi kuwamasulira Malemba, pomwe ena ankaumirira kuti Mulungu apembedzedwe m'Chihebri, Chigiriki ndi Chilatini mokha. Pakhoma lina la momwemo pali chithunzi cha m'ma 1000 chomwe woyera mtima akuyankhula Chilatini, koma bwana ndi antchito ake akuyankhula chilankhulo cha mumsewu, chomwe chinadzakhala Chitaliyana. Mulinso mawu otukwana, m'tchalitchi, koma sindiwatchula pano, amayi a Mvano alipo.

Ana athu akutsogoloku ena amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Tiwaphunzitse Chichewa ndi mtima wonse, nyimbo, mapemphero, moni wa ulemu, chifukwa Buku Lopatulika lomwe linatuluka m'chaka cha 1922 linatheka ndi thukuta la anthu, ndipo ndi chuma chawo. Koma mwana akaimirira kupemphera m'Chingerezi, kapena akalakwitsa mawu a Chichewa, tisamuseke. Tikamuseka kawiri, kachitatu sabweranso, ndipo nsanjika yapamwamba idzasowa woimanga.

Chachitatu ndi kulemba. Ku ntchito kwathu nthawi zambiri sitiyamba pulogalamu yatsopano, timalandira yomwe ena anasiya n'kumanga pamwamba pake. Ngati oyambawo analemba zomwe ankachita ndi chifukwa chake, ntchito imayenda. Ngati sanalembe, mumatha masabata mukufukula ngati bambo Mullooly aja. Gulu lathu lino linayambira pabalaza pa munthu wina. Alipo amene anabwereketsa mipando, amene ankaphika tiyi, amene ankatenga anzawo pa galimoto yawo mafuta osawalipiritsa. Ena anabwerera kumudzi, ena anasamukira kwina, ena anagona. Achinyamata ambiri sitikuwadziwa. Paulo anapatula mutu wathunthu kulemba mayina a anthu oterowo, ndipo patha zaka pafupifupi 2,000 tikuwawerengabe. Ndikupempha makolo amene munalipo pachiyambi kuti mutipatse madzulo amodzi. Ife achinyamata tibwera ndi mafoni, tijambula mawu anu, tilemba, ndipo kabuku ka chaka chamawa kadzakhale ndi mayina amenewo ngati eni ake alola. Ntchito ya kompyutayo ndidzaigwira ine, mwaulere.

Pomaliza, a Tcheyamani, ngati komiti ingaone kuti n'kotheka, tidzakonze ulendo wa gulu wa ku Roma, ana tiwatenge. Colosseum adzaiona, zithunzi adzajambula. Koma ndidzapempha kuti tsiku loyamba tidzayambire ku San Clemente, titsike nawo masitepe onse mpaka pansi, aone kuti tchalitchi chagolide chija chakhala pa nyumba ya munthu wamba.

Ndaona amayi ayamba kusuzumira pakhomo, ndiye ndilekere pomwepa.